Apongozi Anga a Malole

Linali Lachiwiri, sabata yomaliza ya mwezi wa Juni, 6 koloko m'mawa, pamene ndinakwera matola a ku Wenya ndili ndi mwana kumbuyo. Kunkazizira monga kumachitira ku Chitipa nyengo imeneyo, mphepo yolowa mpaka m'mano. Mwamuna wanga anandiperekeza kuchokera ku Lufita kumene tinkachita lendi. Anandikweza, n'kundipatsira paketi ya shuga yoti ndikapatse ankhazi ake, mlongo wa malemu bambo ake.

"Kafunse," anatero akundikonzera nsalu ya mwana. "Ukamve wekha ndi makutu ako, kuti ukabwera nkhani imeneyi ithe."

Chimene ndinkakafunsa ndi ichi. Pa boma pali bambo wina wolemera, wa malole, wa holoselo ndi depoti yogulira nyemba ndi chimanga. Dzina lawo sindilemba. Ndinakhala zaka zonse zoyamba za banja langa ndisakulitchula, ndipo pakamwa panazolowera. Kwa mwamuna wanga ankangoti adada a ku boma. Ankati ndi mkulu wawo wa apongozi anga aamuna, choncho kwa ine analinso apongozi.

Kwathu mkamwana saonana maso ndi maso ndi apongozi ake aamuna. Mukakumana panjira umapatuka, kugwada, n'kuyang'ana kumbali mpaka adutse. Sutchula dzina lawo, sukhala pamene iwo aima. Mabanja ena anazisiya, koma kumene ndinakwatiwa ankazisunga. Ine sizinandivute. Ndinabadwa wamanyazi. Kusukulu, zaka zochepa zimene ndinapitako, ndinkakhala kumbuyo kwa mnzanga wamtali kuti aphunzitsi asandiloze. Mwambo woti ndisayang'ane munthu unandikwana ngati diresi losoketsa.

Ndimakumbukira sabata yanga yoyamba ku Wenya ndili mkwatibwi. Nyumba ya apongozi inali pafupi ndi msewu, ndipo iwo ankakonda kukhala pansi pa mtengo wa mango akusema mipini. Tsiku lina kunamveka injini kutali. Apongozi anataya kasemasema, n'kuimirira, n'kuvula chipewa.

"Lole yathu! Ana inu, lole yathu iyo!"

Ana anathamangira kumsewu akukuwa. Apongozi aakazi anandikoka dzanja.

"Gwada, iwe. Mwina adada ali momwemo."

Ndinagwada ndi mtsuko pambali, fumbi n'kundikwirira. Lole inapita. Apongozi anabwerera pampando wawo akumwetulira tsiku lonse, ngati munthu amene walandira mlendo wabwino. Sanapiteko kwa mkulu wawoyo ngakhale kamodzi. Ankati wosauka akayendera m'bale wolemera amaoneka ngati wabwera ndi thumba. "Adzabwera yekha. Njira akuidziwa." Atamwalira, pamaliro anaika mpando wina pamthunzi, wopanda wokhalapo. Masana lole inadutsa n'kuimba hutala chifukwa cha mbuzi zimene zinali pamsewu, ndipo mlamu wanga wamkulu anati, "Mwamva? Atipepesa."

Titasamukira ku Lufita zinthu zinavuta. Ku Wenya lole inkadutsa mwa apo ndi apo. Kufupi ndi boma zinkadutsa m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo ine sindinkadziwa imene mwini wake wakwera. Ndinkagwadira zonse. Ndinagwadira simenti, ndinagwadira feteleza, ndinagwadira mabotolo opanda kanthu. Amayi a pamjigo anayamba kunditcha mkamwana wa matayala. Ku holoselo kuja, kumene sopo ndi mchere zinkatsika mtengo, sindinapondeko.

Chaka chimenecho ntchito yomanga inasowa. Mwamuna wanga ndi mmisiri wa njerwa, koma ankabwera madzulo manja ali oyera. Mwana anali atangoyamba kuyenda, ndipo phala lake linali la ufa wokha ndi mchere. Tsitsi linayamba kufiira. Pamenepo mayi wina wa ku Mulanje amene tinayandikana naye nyumba, kapitawo wa amayi osankha nyemba ku depoti, anandiitana pampanda.

"Amake mwana, malo alipo amodzi. Ndikusungirani mpaka Lachitatu. Mukapanda kubwera ndipatsa wina, anthu ndi ambiri."

Ndinauza mwamuna wanga. Anapukusa mutu.

"Adada amakhala pasikelo m'mawa uliwonse. Amayendera amayi, amawafunsa mafunso. Ukagwada kangati pa tsiku? Nanga akakufunsa, ukayankha? Anthu akamva ku Wenya adzati ndakwatira mkazi wopanda mwambo."

Sanakalipe. Si munthu wokalipa. Koma ndinayang'ana mutu wa mwana wanga, ndipo ndinafunsa funso limene sindinafunsepo chikwatiwire.

"Kodi ubale umenewu unayenda bwanji?"

Anandifotokozera monga anamvera kwa bambo ake. Agogo ake analowola mkazi woyamba ndi ng'ombe. Mkaziyo sanakhalitse, anathawa ndi mwamuna wina wa ku Nthalire, n'kukabereka kumeneko mwana wamwamuna, amene ndi mwini malole uja. Koma ng'ombe za malowolo sizinabwezedwe. Kwathu ng'ombe zikapanda kubwerera, mkazi amakhalabe wa amene analowola, ndipo ana amene angabereke kulikonse amawerengedwa a pakhomo pomwepo. Mwana ndi wa ng'ombe.

"Anaona ndani kuti sizinabwerere?" ndinafunsa.

"Aliyense amadziwa."

"Wamkulu amene watsala ndani?"

"Ankhazi."

Ndi mmene ndinapezekera pa matola aja, nditapanikizika pakati pa thumba la usipa ndi tayala.

Msewu wa ku Wenya sufuna munthu wothamanga. Tinaima kambiri, pena kutsitsa anthu, pena kuthira madzi mu injini. Minda inali itakololedwa, mapesi okhaokha, ndipo mapiri a ku Nyika ankaoneka obiriwira motuwa kutsogolo kwathu. Ndinali ndisanapiteko chimwalirire apongozi. Nditatsika ndinayenda wapansi kanjira kodutsa kudambo kumene ndinkachapa ndili mkwatibwi. Mwala wanga unali pomwepo. Ndinaima pang'ono, mpaka mwana anayamba kundimenya msana.

Ankhazi ndinawapeza kuseri kwa khitchini akusinja chinaka, timbatata takutchire timene ena amati chikande. Anali mayi wamfupi, wouma thupi, wa mawu aakulu. Anakwatiwa kawiri, ndipo kawiri konse anabwerera kwawo okha atanyamula katundu pamutu. Ndinkawaopa kwambiri. Ndinagwada patali.

"Monire, ankhazi."

"Yewo. Sendera kuno, sindiluma. Mano anatha." Anamasula mwana kumsana kwanga n'kumutembenuza uku ndi uku. "Tsitsi ili bwanji? Kuboma kwanuko mukudya magetsi?"

Ndinapereka shuga. Anandipatsa chindongwa, thobwa la kumeneko, m'kapu yachitsulo ndi mbatata yootcha ya mwana. Sindinkadziwa poyambira. Ndinafunsa za mvula, za nyemba, za mwendo wawo. Anayankha zonse, kenako anaika munsi pansi.

"Mkamwana, sunakwere galimoto kudzafunsa mwendo wanga. Akumenya?"

"Ayi."

"Wapeza wina?"

"Ayi, ankhazi."

"Ndiye lankhula, dzuwa silikudikira."

Ndisanatsegule pakamwa, mlamu wanga wamkulu anatulukira atanyamula khasu. Anamva kuti kwabwera mlendo wa kuboma. Tinalonjerana, anakhala pachitsa, ndipo ine ndinayenera kunena nkhani yanga pamaso pa onse awiri. Ndinainena ndikuyang'ana m'kapu. Ndinanena za depoti, za Lachitatu, za phala la mwana.

"Aaa, mlamu," anatero. "Zimenezo ayi. Kukagwira ganyu kwa adada? Akadzadziwa kuti ndinu mkazi wa mwana wawo adzachita manyazi ndi iwowo. Dikirani. Tsiku limene adzatikumbukire simudzasankha nyemba, mudzakhala mu ofesi."

"Adzakukumbukira liti?" anafunsa ankhazi. "Imvi zayamba kale m'mutu mwakomo."

"Magazi sanama, ankhazi. Munawaonapo makutu awo? Ndendende a malemu bambo."

"Bulu wa kwa aneba alinso ndi makutu aakulu. Bwanji simunamuikire mpando pamaliro?"

Ndinabisa nkhope m'nsalu. Mlamu anaseka pang'ono, koma sanagonje.

"Ngakhale musiye makutu. Ng'ombe sizinabwerere. Bambo ananena okha."

"Bambo ako anabadwa pambuyo pa ine. Ankadziwa chiyani?" Anatembenukira kwa ine. "Iwe, funso lako ndi liti kwenikweni?"

"Ng'ombe zija," ndinatero. "Zinabwerera kapena ayi?"

Ankhazi anapukuta manja pa chitenje.

"Zaka zonsezi pakhomo pano palibe anandifunsapo zimenezo. Wafunsa ndi mkamwana wosalankhula. Tamvera. Adada anga anali ndi khola limodzi, ndipo ng'ombe zonse zinapita kwa mkazi woyamba uja. Atathawa, adada anatsala ndi khola la udzu wokhawokha. Anakhala mbeta yaimuna mpaka anthu anayamba kuwaseka kumowa. Ndiye ndikufunse iwe, mwana wa mlongo wanga, wanzeru za makutu. Amama anga, agogo ako, anawalowola ndi chiyani? Ndi nkhuku?"

Mlamu anakanda m'mutu, ndipo ankhazi anapitiriza.

"Anthu a ku Nthalire anabweza ng'ombe mkazi uja ali ndi pakati. Anazibweretsa wapansi, kudutsa mapiri onsewa. Sizinagone n'komwe mwezi m'khola muno. Adada anazipitikitsa kwa makolo a amama. Zomwezo. Amama anazidziwa, ndipo sanaiwale mpaka kumanda. Akakangana ndi adada ankaima pakhomo apo, manja m'chiuno, n'kumati, 'Ine munanditenga ndi ng'ombe za kaunjika! Ng'ombe zovalidwa kale!' Mudzi wonse unkamva."

Anaseka mpaka kutsokomola. Nanenso ndinaseka.

"Panali ina yothyoka nyanga, yofiira," anapitiriza. "Imeneyo ndinaiona ndi maso anga kwa amalume, itakalamba, ine ndili kamtsikana. Amalume ankati, 'Iyi yayenda maukwati ambiri kuposa munthu aliyense m'mudzi muno.' Ndiye werengani nokha. Zikanakhala ku Nthalire, amama sakanabwera pakhomo pano. Ine kulibe. Bambo ako kulibe. Iwe ndi makutu akowo kulibe. Kamwana aka kamene kakundipaka mbatata kulibe. Tonsefe tilipo chifukwa munthu uja si wathu."

Nkhuku inabwera kudzajompha makoko a mbatata.

"Nanga bambo ankanamiranji?" anafunsa mlamu, mawu atatsika.

"Sankanama. Anamva theka la nkhani, ndipo theka limenelo linamukoma. Munthu uja akugulitsa usipa panjinga, akugona m'makhonde a masitolo, palibe ankamutcha adada. Ankadutsa pamsewu pomwepa, sitinamupatse ngakhale madzi. Ubale unabwera ndi lole yoyamba."

"Inu osanena?"

"Ndinanena kamodzi. Mlongo wanga sanandilankhule kuyambira pobzala mpaka chimanga chinacha. Ndiye ndinaona kuti munthu alibe njinga, alibe malata, ali ndi malole a eni ake oti aziwavulira chipewa. Ndimulande? Ankavutitsa ndani? Sindinkadziwa kuti kuli mwana wa eni amene akutha maondo kuboma."

Mlamu anatenga khasu lake. Anati akukaona mbuzi. Anayenda pang'ono n'kutembenuka.

"Koma makutu aja, ankhazi."

"Pita!"

Ndinkaganiza kuti ndikondwa, ndipo ndinakondwadi. Koma madzulo a tsiku limenelo ndinapita pansi pa mango paja, ndipo chinandigwira chinthu china. Chitsa chimene apongozi ankasemerapo chinali pomwepo, chodzaza ndi mabala a kasemasema. Munthu ameneyu sindinamuyang'anepo kumaso. Ndinkadziwa mapazi ake, chipewa chake, ndi mawu ake. Nditadwala malungo ndili ndi pakati, ankasiya mapapaya pakhomo la khitchini m'mawa, n'kutsokomola kuti ndidziwe, n'kuchoka. Mawu ake okondwa kwambiri amene ndimawakumbukira ndi a lole ija. Ndinkamva ngati ndabwera kudzawalanda kanthu iwo atagona.

Ankhazi ananditsatira ndi ndodo yawo. Tili chiimire kunamveka injini. Inali imodzi mwa malole aja, yodzaza matumba, ikuchokera cha ku Nthalire. Maondo anga anayamba kupinda okha. Ankhazi anandigwira pamkono ndi zala zawo zolimba.

"Ima. Yang'ana."

Ndinayang'ana. Kutsogolo kunali dalaivala yekha, mnyamata wa kapusi, akutafuna nzimbe. Anataya khoko pawindo n'kupita.

"Apongozi ako amenewo," anatero ankhazi.

Kenako anatuma mwana kukabwereka foni kwa aneba. Kumeneko foni imagwira pachulu chimodzi chokha, kuseri kwa tchalitchi. Tinakwera dzuwa lisanalowe, ine kutsogolo, iwo akundikoka nsalu. Ndinaimba nambala ya mwamuna wanga n'kuwapatsa. Ankhazi sankakhulupirira kuti foni imanyamula mawu, choncho ankakuwa kuti amveke okha mpaka ku Lufita. Ananena zonse, za khola la udzu, za kaunjika, za ng'ombe yothyoka nyanga. Anthu obwera kumadzi anaima n'kumamvetsera.

"Wamva? Mkazi wako mawa akupita kuntchito. Ukafuna apongozi oti aziwagwadira, ndilipo ine."

Anandipatsa foni. Ndinkangomva wailesi ya aneba athu a ku Mulanje.

"Muli pomwepo?" ndinafunsa.

"Ndilipo," anatero. "Bambo ankazikonda lole zija."

"Ndikudziwa."

"Ndili mwana ankandinyamula paphewa kuti ndizione bwino."

Ndinkaopa kuti anena kuti ankhazi akalamba, asokoneza. Akanatero sindikanatsutsa, ndimadzidziwa.

"Mwana wadya?" anafunsa.

"Wadya mbatata."

"Chabwino. Ukatsika usabwere kunyumba, uchedwa. Ukangopita komweko. Ndikauza amayi a ku Mulanje kuti akudikire."

Tinatsika pachulu pang'onopang'ono chifukwa cha mwendo wa ankhazi. Anandidyetsa chinaka chimene ankasinja chija, chotentha, chodula ndi mpeni, ndipo anandifunsa za kwathu, za amayi anga, zinthu zimene panalibe anandifunsapo pakhomo limenelo. Ndinalankhula kwambiri kuposa masiku onse. Sindinkadziwa kuti ndi komaliza. Anamwalira mvula yachiwiri itachokera pamenepo, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la chinaka pamsika ndimaima ngakhale ndisakugula. Mwana uja tsopano amapita kusukulu. Mlamu wanga amanenabe za makutu akamwa.

M'mawa mwake ndinadzuka kusanache. Ankhazi anali atadzuka kale, atakulunga mtedza m'kansalu.

"Usinje, uzithira m'phala. Osagulitsa."

Ndinapeza matola oyamba pamsewu, ndipo tinafika pa boma dzuwa litakwera. Ndinatsikira pafupi ndi depoti. Pageti ndinaima kaye, ndinamanganso mwana, ndinapukuta fumbi kumaso ndi nsonga ya chitenje. Mkati amayi anali atakhala m'mizere pamalona, aliyense ndi lichero pamiyendo. Kapitawo uja anandiona n'kukweza dzanja.

"Amake mwana, fulumirani! Ndatopa kukana anthu."

Kuti ndifike kwa iye ndinayenera kudutsa pasikelo. Pamenepo panaima bambo wokalamba, wamfupi kuposa mwamuna wanga, atavala juzi yotuwa ndi nkhwaira. Ankatsutsana ndi mlimi wina za chinyezi cha nyemba, akuluma imodzi ndi mano a m'mbali. Ndinadziwa kuti ndi iwo chifukwa aliyense ankawapatsa njira. Ndinayenda mpaka ndinafika pafupi.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

Mawu anatuluka aang'ono kwambiri, koma anamva. Anandiyang'ana mwachidule, monga munthu amayang'anira aliyense wolowa pageti.

"Ndadzuka, kaya inu, mayi. Mwanayo musamuike pafupi ndi matumba awo, tathira mankhwala a anankafumbwe."

"Chabwino, bambo."

Anabwerera kwa mlimi uja. Ine ndinayala nsalu pamthunzi wa khoma, kutali ndi matumba, n'kukhazikapo mwana. Kapitawo anandipatsa lichero ndi ndowa ya nyemba. Ndinakhala kumapeto kwa mzere, ndinatambasula miyendo, ndipo ndinayamba kuchotsa timiyala ndi zofumbwa.